Boma lisanatiuzenso za mitengo, litiwonetse kaye malisiti ake

Kusekondale yogonera komweko kumene ndinaphunzira, lole ya nkhuni inkabwera kawiri pamwezi. Tinkaimva ikukwera kamtunda ka kuseri kwa khitchini, ikulira ngati ifa, kenaka anyamata amene anali pachilango tsiku limenelo ankaitanidwa kukatsitsa. Sizinali nkhuni za bulugama wodzala munthu. Inali mitengo yachilengedwe, mombo, msuku ndi muwanga, ina yonenepa yofuna anthu awiri kuti ainyamule, ina ikadali yaiwisi. Sukuluyo inali ya boma, ndalama zogulira nkhunizo zinali za boma, ndipo pepala lovomereza kuti katundu wafika linkadindidwa chidindo cha boma.

Pasukulu yomweyo tinali ndi kalabu ya zachilengedwe. Januwale aliyense tinkalandira mbande, tinkakumba mayenje, mlendo wolemekezeka ankabwera kudzadzala kamtengo kamodzi atavala suti, wina atamugwirira ambulera. Ankatiuza kuti ife achinyamata ndife eni tsogolo ndipo tisamale nkhalango. Tinkawomba m'manja n'kupita kukadya nsima yophikidwa ndi muwanga wa zaka zoposa za agogo anga. Panthawiyo sindinkaona chodabwitsa chilichonse. Ndachiona mochedwa, ndili kale kuno ku yunivesite, ndipo chikundipsetsa mtima.

Mfundo yanga ndi iyi: pa nkhani ya chilengedwe ndi mpweya woipa umene ukutenthetsa dziko, boma la Malawi limayankhula ngati mphunzitsi koma limagula ngati munthu amene sanamvepo phunzirolo. Ndipo pa ziwirizi, chimene chili ndi mphamvu ndi kugulako. Palibe wogula wamkulu m'dziko muno woposa boma. Ndilo limamanga midadada ya sukulu, zipatala, maofesi ndi nyumba za apolisi. Ndilo limadyetsa akaidi, odwala, asilikali ndi ana a m'sukulu zogonera. Ndilo lili ndi galimoto zambirimbiri zoyenda ndi mafuta a msonkho wathu. Wogula wamkulu chotere akanena kuti "ndikufuna chakuti," amalonda amasintha okha popanda wowakwapula. Akapanda kunena, amalonda amabweretsa chotchipa chimene chili pafupi, ndipo kuno kwathu chotchipa chimene chili pafupi nthawi zambiri ndi mtengo wa m'phiri.

Malonjezo alipo, ndipo ndi okoma kuwerenga. Mu 2021 dziko lino linapereka ku United Nations ndondomeko yake yatsopano pansi pa pangano la ku Paris, n'kulonjeza kuti pofika 2040 lidzachepetsa mpweya woipa ndi 51 peresenti poyerekeza ndi mmene zikanakhalira tikanangopitiriza zomwe tikuchita. Pa 51 ameneyo, 45 akudalira thandizo lakunja, ndipo 6 yekha ndiye tinati tichita tokha ndi mphamvu zathu. Tili ndi ndondomeko ya makala ya 2017 mpaka 2027. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020. Mu 2019 boma linayambitsa msonkho wa kaboni pa galimoto. Tili ndi Malawi 2063. Mapepala sitisowa ife. Funso langa ndi lakuti, kodi malonjezo onsewa amafika pa tebulo la komiti yogula katundu ya ku unduna, ya ku khonsolo kapena ya kuchipatala, pamene anthu asanu akhala pansi kutsegula maenivelopu a tenda?

Ndinapeza mwayi wophunzira ntchito kwa miyezi ingapo mu ofesi ina ya boma, ndipo ntchito yanga yaikulu inali kufotokopa ndi kusanja mafayilo a zogulagula. Sindinaone wina akuba, ndisanamizire munthu. Chimene ndinaona n'chakuti funso linali limodzi lokha basi: mwa amene akwaniritsa zofunika, wotchipa ndani? Mababu, wotchipa ndani. Mafiriji, wotchipa ndani. Nkhuni, mendulo imodzi ndalama zingati. Tsiku lina ndinafunsa bambo wina wachikulire wa mu ofesimo ngati amafunsako ogulitsa nkhuni kumene azidula. Anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Mwanawe, fomuyi ilibe malo olembapo zimenezo." Ankanena zoona, ndipo sindikuwaimba mlandu. Munthu wa mu ofesi amayankha zimene fomu yafunsa. Mlandu uli kwa amene analemba fomuyo.

Wina anena kuti lamulo la zogulagula ntchito yake ndi kuteteza ndalama za boma, osati kukonza dziko. Ameneyo sanaliwerenge. Lamulo la 2017 limene linakhazikitsa bungwe la PPDA linanena poyera kuti pa matenda a m'dziko muno, 60 peresenti ya mwayi izipita kwa Amalawi enieni akuda. Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi yolimbikitsa kugula zopangidwa konkuno. Kaya mumagwirizana nazo kaya ayi, zimenezi zikusonyeza kuti tinavomereza kale kuti kagulidwe ka boma ndi chida chokwaniritsira zolinga zina, osati kungosaka mtengo wotsika. Ngati fomu ili ndi malo ofunsa kuti mwini kampani ndi wa kuti, ingalephere bwanji kukhala ndi malo ofunsa kuti nkhunizi zachokera m'munda wa mitengo wa ndani, kapena kuti galimotoyi imamwa malita angati pa makilomita 100?

Umboni woti zimatheka tili nawo, ndipo ndi njerwa. Mu 2018 kunatuluka malamulo, kudzera ku bungwe loyang'anira za zomangamanga la NCIC, oletsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Aliyense amene anakulira kumudzi kapena m'mphepete mwa tauni akudziwa chimene uvuni umodzi wa njerwa umadya. Simuponyamo tinthambi, mumaponyamo zipika, usiku ndi usana, mpaka njerwa zifiire. Lamuloli litabwera anthu anadandaula, makontirakitala anati ziwavuta. Lero yendani mu Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, muona anyamata m'mbali mwa msewu akuumba mabuloko a simenti ndi timakina tawo. Sindikunena kuti lamulo lokhalo ndilo linabala bizinesi yonseyi, komanso sindikunena kuti aliyense akulitsata. Koma wogula wamkulu atasintha mawu ochepa pa pepala la tenda, msika unamva.

Pano ndiyenera kuvomereza chinthu chimene anzanga okonda zachilengedwe sakonda kumva. Simenti si yoyera. Poipanga amaotcha miyala ya laimu pa moto waukulu kwambiri, ndipo mwalawo pawokha umatulutsa mpweya wa kaboni ukamapsa, kuwonjezera pa wa malasha amene akuotcherawo. Padziko lonse, mafakitale a simenti amatulutsa pafupifupi 7 kapena 8 peresenti ya mpweya wonse wa kaboni. Kuwonjezera apo mtengo wa thumba la simenti kuno umakwera ngati wapenga, ndipo mchenga woumbira mabuloko ukukumbidwa m'mitsinje mosasamala. Ndiye amene akuganiza kuti kuchoka pa njerwa yootcha kupita pa buloko ndiye kuti nkhani yatha akudzinamiza. Pali njerwa za dothi zosakaniza simenti pang'ono zimene amazitsindira pa makina osaziotcha. Pali mauvuni amakono amene amaotcha njerwa ndi moto wochepa. Boma likanakhala wogula woganiza, likanamafunsa pa mdadada uliwonse wa sukulu kuti njira yoyenera dera limenelo ndi iti, m'malo mongosintha liwu limodzi ndi linzake. Komabe kusankha pakati pa zinthu ziwiri zopanda ungwiro n'kosiyana ndi kusasankha n'komwe.

Tibwerere ku nkhuni, chifukwa apa ndi pamene chinyengo chimaonekera bwino. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ambiri chifukwa alibe njira ina. Mayi wa ku Mtandire kapena ku Mbayani sagula makala chifukwa chodana ndi nkhalango ya Dzalanyama. Bambo amene amakankha njinga ya matumba atatu kuchokera ku Neno mpaka m'tauni, usiku, mimba ili pululu, akagwidwa pa rodibuloko amalandidwa makala, nthawi zina ndi njinga yomwe. Lamulo limamupeza mosavuta chifukwa ndi wosauka ndipo akuyenda pansi. Koma ndende, chipatala ndi sukulu yogonera, zimene zimaphika mapoto a nyemba ndi mgaiwa a anthu mazanamazana tsiku ndi tsiku, zikagula nkhuni zosadziwika kochokera, imeneyo imatchedwa "kugula katundu" ndipo imalipiridwa ndi cheke. Mtengo wake ndi womwewo, phiri lake ndi lomwelo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti khitchini ya bungwe ndiyo yosavuta kusintha kuposa ya banja. Banja liyenera kupeza lokha ndalama zogulira mbaula kapena silinda ya gasi. Khitchini ya ndende ndi imodzi, ili malo amodzi, ili ndi bajeti, ndipo mwini wake ndi mmodzi. Mbaula zikuluzikulu zosunga moto, zimene zimadya nkhuni zochepa kwambiri poyerekeza ndi mafuwa atatu, zimapangidwa konkuno ndipo mabungwe ophikira ana phala m'sukulu akhala akuzigwiritsa ntchito kwa zaka. Ku Rwanda anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kumanga matanki osandutsa zonyansa za m'zimbudzi za ndende kukhala gasi wophikira, n'kuthetsa mavuto awiri nthawi imodzi, la fungo ndi la nkhuni. Ife ndende zathu n'zodzaza kupyola muyeso, zimbudzi zimasefukira, ndipo lole ya nkhuni ikubwerabe. Boma lomweli linakwanitsa kulimbikitsa mabanja kuti afike pa mbaula zamakono 2 miliyoni pofika 2020. Linawauza amayi akumudzi kuti asinthe kaphikidwe. Lidziuze lokha tsopano.

Za galimoto ndiye musachite kunena. Tiyeni tingowerengera limodzi. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a mpweya wa kaboni. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre pa msewu wa M1 ndi makilomita opitirira pang'ono 300, ndiye kupita ndi kubwera ndi oposa 600. Galimoto yaikulu ya abwana, ya mtundu wa Land Cruiser, tiyerekeze kuti ikumwa malita 12 pa makilomita 100. Ulendo umodzi ndi malita oposa 70, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 200 a kaboni. Mmalawi wamba, mukatenga mpweya wonse wa mafuta, malasha ndi simenti wa dziko lino n'kugawa kwa tonse, amatulutsa pafupifupi makilogalamu 100 pa chaka chathunthu. Ndiye kuti bwana mmodzi, atakhala kumbuyo yekha ndi foni yake, popita kukatsegulira msonkhano wa maola awiri, watulutsa zimene nzika wamba imatulutsa pa zaka ziwiri. Ndipo sapita yekha. Wachiwiri wake ali m'galimoto ina, mkulu wa nthambi ali mu ina, onse achokera pa Capital Hill pomwepo, onse akupita ku hotelo imodzi.

Onjezani misonkhano ya kunyanja. Anthu a ofesi imodzi, okhala makomo oyandikana, amanyamuka ulendo wa ku Salima kapena ku Mangochi kukakambirana chikalata chimene akanatha kukambirana m'chipinda chawo chochitira misonkhano. Tonse tikudziwa chifukwa chake, ndi alawansi, ndipo sindikufuna kunamizira kuti malipiro a m'boma ndi okwanira. Koma tizitchula zinthu ndi maina ake. Nthawi zina mutu wa msonkhanowo umakhala kusintha kwa nyengo, patebulo pali timabotolo ta madzi ta pulasitiki mzere wonse, panja jenereta ikulira. (Za mapulasitiki opyapyala amene analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma tikuwaonabe ali mbwee m'ngalande, ndidzalemba tsiku lina.)

Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maulendo akunja a akuluakulu a boma aimitsidwa ndipo mafuta a nduna ndi mabwana ena adulidwa ndi theka. Iye mwini sanapite ku msonkhano wa zanyengo wa COP28 ku Dubai. Boma silinagwe. Maofesi anatsegulidwa m'mawa mwake monga mwa masiku onse. Izi zinandiphunzitsa kuti mafuta ambiri amene boma limaotcha si ofunika kuti ntchito iyende, ndipo akhoza kudulidwa ndi chilengezo chimodzi. Vuto n'lakuti timachita zimenezi ngati chilango cha kanthawi, thumba likabooka, m'malo mozilemba mu malamulo a kagulidwe kuti zikhale za nthawi zonse posatengera amene ali pampando.

Tsopano ndiyankhe mnzanga wa m'kalasi amene timakangana naye nkhaniyi pafupifupi sabata iliyonse. Iye amati: "Aise, Malawi satulutsa chilichonse. Munthu mmodzi wa ku America amatulutsa kaboni woposa wa Amalawi 100. Awononge dziko ndi iwo, ife tizivutika ndi mafomu a zachilengedwe?" Pa manambala akunena zoona, ndipo mkwiyo wake ndi wanganso. Namondwe wa Freddy atapha anthu oposa 1,000 mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, sanali anthu a ku Chilobwe amene anatenthetsa nyanja ya Indian Ocean. Maiko olemera ali ndi ngongole kwa ife ndipo tiziwakumbutsa mosanyengerera.

Koma mnzangayu akuphonya chinthu chimodzi. Chilichonse chimene ndatchula pamwambapa chimatipweteka ife tisanafike n'komwe pa nkhani ya mpweya wa dziko lonse. Dizilo aliyense amene boma limaotcha amagulidwa kunja ndi madola amene tilibe, madola omwewo amene timasowa pogula mankhwala ndi feteleza, ndipo tonse tagonapo pa mizere ya mafuta. Mtengo uliwonse wodulidwa m'mapiri a m'mbali mwa Shire umatumiza dothi mu mtsinje, dothilo n'kukadzaza pa Nkula, pamene magetsi athu ambiri amachokera pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo amene tinkawerenga mayeso ndi tochi ya pafoni sitinaiwale. Magetsi atavuta zaka za m'mbuyomo, dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo a mamegawati 78 kuyambira mu 2018, okwera mtengo zedi. Kuchepetsa utsi wa boma kuno kwathu ndi nkhani ya madola, ya magetsi ndi ya madzi a m'mipopi. Kaboniyo ndi chiwongoladzanja chabe. Ndipo nduna yathu ikaimirira pa msonkhano wa zanyengo kupempha ndalama za 45 peresenti ija, mawu ake angalemere kwambiri itanyamula umboni wa zimene tachita ndi 6 wathu.

Chodandaula china n'chakuti zinthu zosamala chilengedwe n'zodula. Pogula, nthawi zambiri inde. Koma boma siligula chinthu kuti lichigwiritse ntchito tsiku limodzi. Babu lotchipa limene limadya magetsi ambiri n'kupsa pakatha miyezi itatu ndi lodula kuposa la LED. Galimoto ya injini yaikulu imalipiridwa kachiwiri pa pampu, mwezi ndi mwezi, kwa zaka khumi. Chipatala chakumudzi chodalira jenereta chimasiya firiji ya katemera ili chete tsiku limene dizilo wasowa, pamene mapanelo a sola akanagwira ntchito mwakachetechete. Dzuwa tili nalo, ndipo malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima ndi a mamegawati 20 ku Golomoti asonyeza kale kuti si maloto. Ethanol tinayamba kupanga ku Dwangwa mu 1982 n'kumasakaniza ndi petulo, maiko ambiri asanaganize n'komwe, ndipo ku Chikwawa kulinso fakitale ina. Dziko lotere likanayenera kukhala ndi galimoto za boma zosankhidwa poganizira mafuta amene timapanga tokha. Chimene chimatilepheretsa ndi kawerengedwe: komiti imayang'ana mtengo wa pa invoisi, pamene bilu ya mafuta ndi magetsi idzatuluka mu thumba lina, chaka china, pa tebulo la munthu wina.

Pali chiopsezo chimodzi chimene ndimachiopa ine mwini, ndipo sindichibisa. M'dziko limene linaona Cashgate mu 2013, mfundo iliyonse yatsopano pa tenda ikhoza kusanduka khomo latsopano la katangale. Munthu akhoza kulemba "zofunika za chilengedwe" mochenjera kuti kampani ya mlamu wake yokha ndiyo ikwanitse. Pakhoza kubadwa satifiketi yatsopano yogulitsidwa pansi pa tebulo. Akhozanso kufinyidwa ndi amalonda ang'onoang'ono amene alibe ndalama zolipirira akatswiri owalembera mapepala. N'chifukwa chake sindikupempha mawu okuluwika ngati "katundu wokomera chilengedwe," amene aliyense angawatanthauzire mmene akufunira. Ndikupempha zinthu zoyezeka zimene mwana wa fomu 2 angathe kutsimikiza. Malire a kukula kwa injini ya galimoto yogulidwa ndi boma, kupatula maambulansi ndi galimoto zoyenda m'misewu yoipa ya kumidzi. Nkhuni zogulidwa ndi bungwe la boma zizichokera m'minda ya mitengo yodziwika, ndipo dzina la mundawo lizilembedwa pa fomu. Tsiku lenileni limene khitchini iliyonse ya ndende, chipatala ndi sukulu yogonera idzasiye kuphika pa mafuwa. Ndipo koposa zonse, unduna uliwonse uzisindikiza chaka ndi chaka malita a mafuta amene waotcha, mamendulo a nkhuni amene wagula ndi magetsi amene wagwiritsa ntchito. Manambala amenewa alipo kale m'mafayilo, ndinawafotokopa ndi manja angawa. Angofunika kuwaphatikiza n'kuwaika poyera.

Ndikulemba izi pano chifukwa ambiri amene mumawerenga tsamba lino mukuphunzira za kagulidwe ka katundu, za akawunti, za uinjiniya ndi za kayendetsedwe ka boma. Pakatha zaka zisanu ena mwa inu mudzakhala mu makomiti aja, mukutsegula maenivelopu. Ena mudzakhala mukulemba mafomu amene bambo aja anati alibe malo. Mudzauzidwa kuti zakhala zikuchitika choncho kuyambira kale, ndipo amene adzakuuzeniyo adzakhala wamkulu kwa inu, woti simungamutsutse pagulu. Sindikudziyesa wolimba mtima kuposa inu. Inenso tsiku lija ndinangoti "chabwino bambo," n'kubwerera ku makina ofotokopera.

Tchuthi chapitachi ndinadutsa pa sukulu yanga yakale ija kukatenga kalata. Mitengo imene kalabu yathu inadzala kuseri kwa hositelo ilipo isanu ndi umodzi, ina inadyedwa ndi mbuzi ndi chiswe. Ndinafunsa mlonda ngati lole ija imabwerabe. Anati imabwera, koma masiku ano imachedwa, chifukwa nkhuni akukazitenga kutali.